Kaseti ya Mjeremani m'kanyumba ka malemu

Mukadzafika kwathu ku Pembamoyo n'kumva anthu akutchula za "dikoni wa pawindo," musavutike kufunsa kuti ndi ndani. Ndine. Dzinali ndinalipata pamaliro a amalume anga, ndipo zikuoneka kuti lidzandiperekeza mpaka pa anga. Nkhaniyi anthu aithira mchere wambiri (ena akuti ndinakomoka, ena akuti ndinanyowetsa thalauzi, zomwe ndi zabodza, kapena tingoti n'zokokomeza), ndiye ndaona kuti bola ndiifotokoze ndekha mmene inayendera.

Ndiyambe ndi nyimbo, poti ndiyo inandipalamulitsa. Ndili mwana wasukulu ndinkakhala kwa amalume a Lufeyo ndi akazi awo Anabanda, azakhali anga, amene anandilera ngati wobala okha. Masiku amenewo kudera kwathu kunabwera Mjeremani wina wokumba mijigo. Dzina lake linatikanika kutchula, ndiye poti dzuwa la kuno linkamupsereza khosi, tinkangomuti a Kafiira. Amalume ndiwo ankamuyendetsera galimoto. Pobwerera kwawo, a Kafiira anawasiyira kaseti, ndipo m'kasetimo munali nyimbo imodzi yokha, yojambulidwa mobwerezabwereza mpaka kudzaza mbali zonse ziwiri.

Amalume ankasimba kuti oyimbawo anali anzake a Kafiira a kumudzi kwawo, anyamata awiri ndi mtsikana mmodzi. Anatulutsa kambale kamodzi kokha, kenaka anyamata aja anayambana (chifukwa chake mwachidziwa kale) gulu n'kuthera pomwepo. Ati ngakhale ku Jeremani komweko, anthu oidziwa nyimboyo sangadzaze minibasi. Munalibe gitala, munalibe ng'oma yachikopa, zonse zinali za kiyibodi. Inkayamba ndi kaphokoso konga madzi akudontha m'ndowa yopanda kanthu, kenaka ng'oma ya makina, kenaka mwamuna wa mawu ozizira, osaseka ndi munthu, ndiye mtsikana uja n'kumamuyankha chapatali. Zimene ankanena sindinamvepo ngakhale liwu limodzi, koma ndinkaikonda nyimbo imeneyo moti ndinkatha kujomba kusukulu kuti nditsale ndi wailesi.

Ndinakula, ndinasamukira ku boma ku Chadiza, ndinatsegula kashopu ka mbewu ndi feteleza, ndinamera mimba, mpingo n'kundisankha udikoni. Koma kanyimbo kaja sikanandichoke m'mutu. Kankabwera ndili pakati poyeza mbewu, ngakhale pakati pa ulaliki. Mwana wanga Tisa, amene ali ku koleji ku Chipata, anandiuza kuti masiku ano foni imapeza nyimbo iliyonse munthu ukangoing'ung'udzira. Ndinang'ung'udza mpaka kukhosi kuuma. Foni inayankha kuti siikudziwa, Tisa n'kuseka mpaka kukhala pansi. Amalume ndikawafunsa ankangoti, "Kaseti ija? Ilipo penapake," basi n'kuyamba kudandaula za kukwera kwa feteleza.

Amalume anatisiya m'nyengo yachisanu, anthu atangomaliza kukolola. Titawaika m'manda, katundu wawo yense tinamusonkhanitsa m'kanyumba kaudzu kakuseri, mmene ankasungiramo masipanala ndi zitsulo zawo zakale. Mwambo wake mumaudziwa: za malemu sizikhudzidwa mpaka anthu atameta, abale n'kukhala pansi kugawa. Loko inakhomedwa, ndipo kiyi anatenga amayi aakulu Anaphiri, mlongo wawo wa amalume, n'kuimangirira pamfundo ya chitenje. Anaphiri ndi mayi woti akakuyang'ana umakumbuka machimo amene sunachite n'komwe.

Tsoka langa linali lakuti katoni yomaliza ndinanyamula ndine. Poyiika pansi inang'ambika, ndipo pakati pa mabawuti ndi malamba akale a galimoto ndinaona kaseti ija ili phee, zilembo za a Kafiira zitafwifwa koma zikuonekabe. Mtima unagunda ngati ndaona chibwenzi chakale. Ndisanatambasule n'komwe dzanja, Anaphiri anali atafika kale pakhomo ndi loko yawo.

Pamsonkhano wa mawa lakelo panalinso nkhani ina yolemera kuposa masipanala. Anabanda anabwera pamudzi pathu pachitengwa kuchokera ku Zingalume ali mtsikana. Mwana wamoyo analibe, ndipo kwawoko abale awo ambiri anali atatha. Iwo ankafuna atsale m'nyumba yawo, ndi mango awo ndi dimba lawo. Anaphiri ankafuna asudzulidwe azipita, chifukwa chiyambire sanawakondepo. Madzulo amenewo azakhali anandiitanira pambali.

"Bambo a Tisa, mawa mukandiyankhulireko. Inu anthu amakumverani. Ku Zingalume ndikafikira kwa yani?"

"Azakhali, musade nkhawa," ndinatero ndikudziguguda pachifuwa. "Ine ndilipo, palibe angakusuntheni."

M'mawa kunacha ndi mitambo yokhayokha, mwera ukuwomba wolowa m'mafupa. Anthu ananyamuka kukazonda manda monga mwa mwambo. Ine ndinagwira pamimba n'kunena kuti m'mimba simuli bwino. Cholinga changa sichinali kuba ayi. Ndinkafuna ndingoimva kamodzi kokha, chapansipansi, kenaka ndibwezere pamalo pake. Kudikira tsiku limodzi kunandikanika, ine munthu amene ndinadikira kuyambira ndisanamere ndevu. Paja amati chakomachakoma pusi anagwa chagada.

Kanyumbako kali ndi windo lathabwa kumbuyo, ndipo ndili mwana ndinkalitsegula ndi mpeni n'kulowa ngati buluzi. Mpeni unagwirabe ntchito yake. Chimene ndinaiwala n'chakuti windo linakhala momwemo koma ine ndinawonjezekera. Mutu unalowa, mapewa analowa mokakamiza, mimba n'kukana. Ndinakhala pamenepo kanthawi ndithu, theka m'nyumba ya malemu theka panja, miyendo ikupalasa mphepo. Nditadzikoka mwamphamvu ndinangomva kwee! kumbuyo, msomali utatenga gawo lake la thalauzi, ine n'kugwera pamulu wa matayala.

Wailesi yakale ija ya makaseti inali pashelefu, kawaya kake kakulowera m'denga (ndinayesa ndi ka eliyo yokokera mawu). Ndinaika kaseti n'kudina batani. Zii. Ndinakweza mawu pang'ono, zii. Ndinakweza mpaka pothera, ndinaimenya mbama, koma ayi ndithu. Nditatsegula kumbuyo koika mabatire ndinapeza mulibe ngakhale limodzi, mwangodzaza mazira a mphemvu. Ndinati basi, wailesi yafa limodzi ndi mwini wake. Ndili mkati molimbana ndi kachitseko ka kaseti kuti ndiitulutse, ndinamva nyimbo ya anthu obwera kumanda itafika kale pamjigo. Mmene ndinatulukira pawindo paja sindikudziwa, mantha amaphwetsa mimba. Kaseti ndinaisiya momwemo, batani lili chidinire, mawu ali pothera.

Titameta, tinakhala pansi pa mtengo wa mango, amuna mbali iyi, amayi pamphasa mbali inayo. Ine ndinali nditamanga jekete m'chiuno ngati mnyamata wa mpira, anthu n'kumayesa ndi chifukwa cha m'mimba muja. A Mbewe, mkulu wa mpingo wa pamudzipo, anatsegula ndi pemphero. Kenaka Anaphiri anayamba kuyankhula, kuzungulira uku ndi uku koma tonse tikudziwa kumene akulowera. Kumwamba mitambo inayamba kupyapyala pang'ono, koma ndani akanalabadira za mitambo.

Ndiye kunamveka kubuula.

Kunachokera kuseri, kotsika, kotalika, ngati munthu wamkulu akutembenuka pamphasa ndi ululu. Anaphiri anaima pakati pa liwu. Tonse tinacheuka kuyang'ana kukanyumba kaja, loko ili lende pachitseko. Kubuula kuja kunaleka.

"Ndi ng'ombe imeneyo," anatero a Mbewe, koma mawu awo anatuluka opyapyala.

Koma ng'ombe zonse zinali kudambo.  Kenaka kunayamba kugunda. Gu. Kanthawi. Gu. Kanthawi. Aliyense amene anaponyapo dothi pabokosi amakudziwa kugunda kumeneko, koma uku kunkamveka ngati kukuchokera mkati. Pamwamba pa kugundako panabwera mawu a mwamuna, okoka, olemera, osamveka mutu wake, ngati munthu akuyesa kuyankhula alibe lilime.

Abale anga, ine mantha ndinawaonapo m'moyo uno, koma a tsiku limenelo anali a mtundu wina. Tsitsi lomwe anali atangondimeta ndinalimva likuimirira. Za wailesi sizinandibwerere m'mutu ngakhale pang'ono, nanga si ndinali nditaona ndi maso anga kuti ilibe mabatire? Ndiponso nyimbo yanga inali yothamanga, yosangalatsa, osati chinthu chokwawa chimenechi. Chimene ndinaganiza n'chakuti amalume akwiya kuti ndagwira katundu wawo, ndipo abwera kudzandinenera pagulu. Ndinatchera khutu kudikira dzina langa.

Sindikudziwa amene anayamba kuthawa (anthu amati ndine). Linali liwiro la mtondo wadooka. Mipando inagwa, nsapato zinatsala, mayi wina anathawa ndi mwana wa mnzake kusiya wake. Pamene nzeru zimabwerera ndinapezeka ndili kuseri kwa nkhokwe, nditagwirana manja ndi a Mbewe, Baibulo lawo litatsala pampando. Titasuzumira, pabwalo panali patatsala munthu mmodzi yekha. Anabanda anali chikhalire pamphasa pawo, miyendo atatambasula, manja ali pamiyendo.

Kukhala kwawoko ndiko kunawapalamulira. Phokoso litaleka, anthu anayamba kubwerera mmodzimmodzi n'kuima patali, ndipo Anaphiri ndiwo anayamba, chala chili pa azakhali.

"Mwaona? Mwaona nonse? Sanathawe! Athawa bwanji chinthu chawo chomwe? Mlongo wanga sanafe. Amusandutsa ndondocha, amudula lilime, kuti aziwalimira dimba usiku!"

"Alamu, imeneyo ndi wailesi," anatero Anabanda mosakweza mawu.

"Wailesi? Wailesi yodziyatsa yokha m'nyumba yokhoma, kiyi ili pachitenje panga? Wayatsa ndani? Tatiuzani, wayatsa ndani?"

Azakhali sanatchule munthu. Ndipo ine, Mulungu andikhululukire, mumtima ndinati: azakhali akunama, wailesi ija ilibe mabatire. Ndinayamba kuwayang'ana ndi diso lina mayi amene ankandichapira yunifolomu.

Apa panabwera a Kachepa, mkulu wa adzukulu amene anakumba manda ndi kunyamula bokosi, bambo wa kudambwe wosaopa za akufa. Anapukusa mutu pang'onopang'ono.

"Ine ndinanena dzulo kuti bokosi ili lapepuka. Ndinanena kapena sindinanene? Taika thunthu la nthochi ife."

Dzulo lakelo a Kachepa omwewa ankadandaula kuti malemu alemera kwambiri, adzukulu awonjezeredwe nkhuku. Palibe anakumbuka zimenezo. M'malo mwake aliyense anayamba kukumbuka zina. Wina anati n'chifukwa chake dimba la Anabanda limakhala lobiriwira ngakhale m'chilimwe. Wina anati anakumanapo nawo mbandakucha akuchokera kudambo. Wina anafunsa kuti ana awo onse anatha bwanji. Funso limenelo linandibaya ngakhale ine, chifukwa ndinaliko pamene ankaika womaliza, ndipo ndinaona mmene azakhali analirira.

"Tsegulani chitseko muone," anatero Anabanda.

Anaphiri anamasula kiyi n'kuiponya pafumbi. Inagwera pakati pa bwalo, anthu n'kufutuka ngati ndi njoka. Kenaka maso onse anatembenukira kwa ine.

"A Dikoni, inu ndinu a mapemphero, komanso ndinu mwana wa mlongo wawo wa malemu. Katseguleni."

Ndinayankha kuti zinthu zotere sizifuna phuma, zimafuna kuyamba tasala kudya. Ndisanamalize bodza limenelo, mtambo unachoka ndipo dzuwa linatuluka lonse, lowala bwino. Kubuula kuja kunayambanso, koma ulendo uno kunakwera, kunathamanga, kunawongoka. Kugunda kwa m'bokosi kuja kunasanduka ng'oma ya makina. Madzi anayamba kudontha m'ndowa. Mwamuna wopanda lilime uja anapeza lilime lake n'kuyamba kuyimba ndi mawu ake ozizira aja.

Inali nyimbo yanga.

Ndikanakonda ndikuuzeni kuti choyamba kubwera mumtima mwanga chinali chisoni pa azakhali, koma chinali chimwemwe. Misozi inalengeza. Ndinadziona ndili mwana, nditakhala pakhonde, amalume akupukuta galimoto ya a Kafiira n'kumagwedeza mutu. Phazi langa linayamba kugunda pansi lokha, moti ndinaliponda ndi linzake. Nditakweza maso ndinaona kanthu kakunyezimira pamwamba pa udzu wa denga. Kanali kasola kakang'ono. Kawaya kaja sikanali ka eliyo. Amalume anali atalumikiza wailesi ku sola mwachindunji, popanda batire, moti inkayimba dzuwa likawala, kukokera pansi mtambo ukadutsa, n'kukhala chete kukada.

Kwa ine mantha a akufa anatha pompo, ndipo analowa mantha a amoyo, amene ndi oipa kwambiri chifukwa amoyo ali ndi manja. Ndinayang'ana nkhope za anthu aja, maso ali psuu. Ndinene kuti ndine? Ndiye kuti dikoni wanamiza anthu kuti akudwala, wathyola windo, walowa m'katundu wa malemu anzake ali kumanda. Munthu wolowa m'nyumba ya wakufa mobisa amakhala akukafuna chiyani? Dzina la ufiti lija likanangochoka pa azakhali n'kudzatera pa ine. Ndinaona udikoni ukupita, makasitomala a kushopu akuwolokera tsidya lina la msewu, Tisa akulozedwa zala ku Chipata. Ndiye ndinadziuza kuti kaseti ili ndi mathero. Ingotha, kukhala zii, mitima izizira, ndipo ine ndiwayankhulira azakhali bwinobwino popanda kutchula za windo. (Ndinaiwala kuti a Kafiira anali munthu wosaumira, anadzaza mbali yonse.)

Ndinkayembekeza kuti anthu ena achikulire aizindikira nyimboyo, koma munthu wamantha samva nyimbo. Ndipo pamene mtsikana uja anayamba kuyankha chapatali, zinthu zinafika poipa.

"Muli awiri! Muli ndi mkazi!"

"Mayo ine, ameneyo ndi mwana wa mchemwali wanga amene tinaika chaka chatha!" anakuwa mayi wina n'kudzigwetsa pansi.

Amayi angapo analowa m'nyumba mwa Anabanda. Ndinaona zovala zawo zikutulutsidwa n'kumangidwa m'chitenje, mabulangete akuponyedwa pafumbi, miphika ikugubuduka pabwalo. Mtsuko wawo wamadzi unasweka. Anaphiri analamula kuti ngolo imangidwe, munthuyu akatulidwe ku Zingalume dzuwa lisanalowe, asanatimalize tonse. Wina kumbuyo anati ku Zingalume n'kutali, mfiti imathera pomwe yagwidwira. Liwu limenelo litangomveka, ndinaona anyamata ena akuyang'ana pansi kufuna miyala.

Ndinatsegula pakamwa. Ndinatsekanso. Mtambo wina unabwera, Mjeremani wa m'kaseti uja n'kuyambanso kubuula, anthu n'kukuwa. Ine, dikoni wa mpingo, ndinaima pamenepo kupempherera mvula m'mwezi wopanda mvula, kapena kuti tepi iduke, kapena mphemvu zija zichitepo kanthu. Azakhali anandiyang'ana kamodzi kokha. Sanakwinye nkhope, sanandikodole, anangondiyang'ana. Ine ndinapeza chinthu chofunika kwambiri choti ndiyang'ane pansapato zanga.

Ngolo inafika, ng'ombe zikupumira m'mwamba. Katundu anakwezedwa. Anabanda anadzuka okha, anasansa chitenje, n'kuyamba kuyenda kulowera kungoloko anthu akuwapatukira. Pamenepo a Kachepa anakweza dzanja.

"Mwini wake akapita, zotsalazi zitivutitsa. Kanyumbaka kapse. Bweretsani udzu."

Wina anazula udzu pampanda, anaupota muuni. Wina anapereka machesi. Ndinamva kukhwatcha kwake, ndinaona kamoto kakugwira nsonga ya muuni, a Kachepa n'kuyamba kuyenda kulunjika kudenga lija.

"Kaseti!"

Ndinadzimva ndikukuwa choncho. Miyendo yomwe inakana kusuntha nthawi yonse imene azakhali ankazunzidwa inandinyamula, ndipo ndinapezeka ndaima pachitseko cha kanyumba, manja nditatambasula, Mjeremani akubuulira kumsana kwanga.

"Musawotche! Si amalume! Ndi kaseti! Ndayatsa ndine! Ndinalowera pawindo!"

Kunangoti zii, kupatula mnzanga wa ku Jeremaniyo. Kenaka Anaphiri anaomba m'manja mwachisoni.

"Kalanga ine, amulodza nayenso mwanayu. Iwe ungakwane pawindo ilo?"

Taonani zimene munthu amafika pochita. Kuti andikhulupirire kuti ndine wolakwa, ndinamasula jekete m'chiuno, n'kutembenuka, n'kuwerama pamaso pa mudzi wonse, apongozi anga ali pomwepo. A Kachepa anazungulira kuseri, muuni uli m'manja, ndipo anabwerako ndi kansanza kamene anakachotsa pamsomali. Anakayerekeza pamalo pake mosamala kwambiri, ngati telala. Kanakwana.

Dzuwa linali litatulukanso, nyimbo ikuthamanga. Ndinakwera pamtondo n'kuponya jekete pakasola paja. Nyimbo inakoka n'kufa. Ndinachotsa jekete, inadzuka. Ndinabwerezanso. Ndipo wina wachikulire kumbuyo anati, "Aa, koma imeneyi si nyimbo ija ya a Kafiira?"

Woyamba kuseka anali a Kachepa. Anaseka mpaka muuni unawatentha chala, ndipo anthu ena anatsatira, kuseka kwa anthu amene akufuna kubisa manyazi awo m'manyazi a wina. Anaphiri sanaseke. Anavula patapata n'kundisambitsa nayo m'mutu mometa muja, uku akunditchula mayina amene sindingawalembe pano. Anandigamula mbuzi chifukwa chodetsa katundu wa malemu. A Mbewe anati nkhani yanga ikakambidwa ku bwalo la akulu a mpingo, koma inayenda mopepuka, mwina poti ine ndinkadziwa amene ndinagwirana naye manja kuseri kwa nkhokwe.

Za kusudzula sizinatchulidwenso. Anthu omwe anatulutsa katundu wa Anabanda anamubwezera okha m'nyumba, aliyense akupewa maso a mnzake, ndipo msonkhano unagwirizana msangamsanga kuti mayiwa akhale pamudzi mpaka Mulungu adzawaitane. Atafunsidwa chimene angakonde pa katundu wa amuna awo, anatchula wailesi, kasola ndi kaseti.

Chakumadzulo ndinapita kukapepesa, nditabwereka thalauzi. Ndinawapeza pakhonde akutola zidutswa za mtsuko uja n'kumaziika m'lichero. Ndinakhala pansi, osati pampando.

"Azakhali, pepani."

"Ndinakuonani m'mawa," anatero osandiyang'ana. "Wamasiye sapita kukazonda manda. Ndinali pazenera langa, miyendo yanu ikupalasa njinga m'mwamba. Ndipo nyimboyo ndinaidziwa itangoyamba kubuula. Imatero nthawi zonse kukachita mitambo."

"Nanga bwanji simunanditchule?"

"Mfiti iloze dikoni, ndani akanaimvera? Komanso ndinakulerani ndine. Ndinati ayankhula yekha." Anatola kachidutswa kena n'kukayang'anitsitsa. "Atanditcha mfiti ndinati ayankhula tsopano. Atatchula ana anga ndinati tsopano. Ngolo itafika ndinati basi, tsopano. Mawu anu anatulukira pa machesi."

Ndinafuna kunena kuti zinangokumanizana, kuti ndinali nditatsala pang'ono kuyankhula, koma ndinangoweramitsa mutu. Pepani sapoletsa chilonda, ndipo langalo linali pepani wochedwa.

"Musadandaule, bambo a Tisa," anatero azakhali akudzuka ndi lichero lawo. "Ndaphunzirapo kanthu. Tsiku lina akadzafunanso kundithamangitsa, ndidzangokoloweka kasetiyi m'khosi."

Ndinaseka pang'ono poyesa kuti ndi nthabwala. Iwo sanaseke.

Masiku ano ndimapita kukawaona pafupipafupi, ndi shuga ndi sopo, koma mtsuko watsopano umene ndinawagulira sanaugwiritsebe ntchito. Amandilonjera bwino, amandiphikira tiyi, ndipo dzuwa likawala amandiyatsira nyimbo ija osadikira kuti ndipemphe. Kaya n'chikondi kaya n'chilango, sindinawafunse. Pobwerera ku boma ndimadzifunsa ngati ndikanayankhula machesi aja akanapanda kukhwatchidwa, ngolo ija n'kunyamuka. Yankho likayamba kuyandikira, ndimafulumira kuyambitsa nkhani ya mpira ndi amene ndakhala naye pafupi m'minibasi.